Ambulera ya Mpando wa Amake Dorika

Nkhani iyi ndinalumbira kawiri konse kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma poti amake Dorika ayamba kuifotokozera adzukulu mokhotetsa, bola ndiinene ndekha. Ndi yochititsa manyazi, ndipo wochita manyaziyo ndine, Barnaba, amene ndinali kalaliki wa sitolo pa hotela ina kufupi ndi ku Nkopola. Ndinkadziwerengera m'gulu la anthu ophunzira, ndipo pokana chinthu ndinkati "No, thank you."

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ukafuna kutsokomola unkayamba wayang'ana kumbuyo.

Akazi anga, amake Dorika, anagulitsa usipa zaka zitatu n'kugula mpando. Musaganize za mpando wamba. Unali waukulu, wa makhushoni, wa manja awiri, wofiira psuu! Tsiku limene unatsika pa matola kuchokera ku boma, amayi a m'mudzi anaululutira ngati mkwatibwi.

M'nyumbamo palibe ankaukhalira. Ine mwini nyumba ndinkakhala pa mpando wa ndalema. Ansembe athu anaukhalirapo kamodzi, ndipo nthawi yonse imene ankamwa tiyi amake Dorika maso anali pa kapu.

Koma mdani wamkulu wa mpandowo sanali tiyi. Linali dzuwa. Windo la chipinda chochezera linkayang'ana kunyanja, ndipo makatani tinalibe. Aliyense wa kuno akudziwa kuti dzuwa la m'mawa limabwera pawiri: lina kuchokera kumwamba, lina lonjanja pamadzi. Amake Dorika anali ataona mipando ya kwa a hedimasitala itasuluka, ili mbuu ngati mwendo wa munthu wosadzola, ndipo analumbira kuti wawo zimenezo ayi.

Ndiye panali malamulo. M'mawa dzuwa lisanatuluke, mpando ufunde bedishiti yoyera. Likapendeka, uvundukulidwe kuti upitidwe mphepo. Loweruka lililonse makhushoni atembenuzidwe. Mudzi wonse unkadziwa kuti kwa a Barnaba kuli mpando umene umafunda, chifukwa njira yopita kudoko imadutsa pawindo pomwepo.

Tsiku lina kunabwera uthenga wakuti mng'ono wawo wachira ku Namwera, kwabadwa mwana, ndipo akufunika womuthandiza. Anamanga katundu, anatenga ana, n'kuima pakhomo.

"Bambo a Dorika, ufa ulipo, nkhuni zilipo. Ine ndikupempha chimodzi chokha."

"Nenani."

"Dzuwa lisaone mpando wanga. Ndiupeze uli wofiira ngati mmene ndausiyira."

"No problem!"

"Zachingerezizo ayi. Ndiyankheni bwinobwino."

"Dzuwa siliuona mpando wanu, amake Dorika."

Masiku atatu oyamba ndinali mwamuna wa chitsanzo. Tsiku lachinayi ndinafuna kuwonjeza. Ndinati bedishiti iyi yada, ndiichape, ndiisite, akabwera adzadziwe kuti anakwatiwa ndi munthu. Ndinachapa, ndinayanika, ndinaika makala m'simbi. Ndili mkati mosita, pawailesi wina anagoletsa chigoli. Ndinadumpha, ndinavina, ndinathamangira kukafunsa aneba ngati amva. Pobwera ndinalandiridwa ndi utsi.

Pakati penipeni pa bedishiti panali bowo la chifanizo cha simbi. Mphaka akanadutsapo osakhudza m'mbali.

M'mawa mwake kusanayere bwino ndinatsegula bokosi lachitsulo la amake Dorika kufuna chofunditsa china. Zitenje zabwino zonse anali atapita nazo. Pansi penipeni ndinapeza nsalu imodzi yopindidwa bwino. Kuitambasula, inali nsalu ya chipani, ija amayi onse ankavala pokavina kumisonkhano, yokhala ndi nkhope ya Mkulu wa dziko. Dzina sinditchula. Mpaka lero lilime limakana.

Munthu wanzeru akanaibweza. Ine ndinaima n'kuyamba kuganiza ngati wophunzira. Ndinati kodi pawailesi sanena tsiku ndi tsiku kuti bamboyu amateteza amayi, ana ndi dziko lonse? Ndiye alephere kampando kamodzi? Komanso ndi masiku awiri okha, ndikagula bedishiti ina.

Ndinafunditsa mpando mumdima wa m'bandakucha. Nkhope zinalipo zitatu: ina inagwera pokhalira, ina potsamira, ina inalendewera kumbuyo. Ndinatseka chitseko n'kupita ku ntchito ndikuimba mluzu.

Masiku awiri aja anasanduka masabata anayi. Zovundukula masana ndinasiya, zotembenuza makhushoni ndinaiwala. Ndinkachoka m'mamawa, ndikaweruka ndinkadzera ku bawo, chakudya ndinkadyera kukhonde la kuseri. Kuchipinda chochezera sindinkalowako n'komwe.

Lachitatu lina dalaivala wa matola anandiuza kuti amake Dorika akubwera Loweruka masana. Tsiku lomwelo ndinaiwala makiyi a sitolo, ndiye ndinabwerera kunyumba dzuwa lili pamutu. Ndinati ndisuzumire mpando.

Mayo ine!

Mpando unali bwinobwino, wofiira psuu. Koma Mkulu! Nkhope yonse inali itasuluka. Tsitsi mbuu, maso osaoneka, suti yotuwa. Ankaoneka ngati munthu amene wangotuluka m'chipatala. Zonse zitatu zinali choncho, ngakhale ija ya kumbuyo, ndipo ndinangoti dzuwa la ku Mangochi ndi loopsa, limakhota ndi pangodya pomwe.

Masiku amenewo tinkamva kuti munthu wina anatengedwa chifukwa chokulungira usipa m'nyuzipepala imene inali ndi chithunzi chomwecho. Nanga ine, amene ndayanika Mkulu padzuwa mwezi wathunthu, nkhope ina ili pokhalira matako? Ndinayang'ana pawindo. Amayi atatu ankadutsa ndi mabeseni kupita kudoko, ndipo mmodzi anatembenuka n'kundipatsa moni.

Ndinakanganula nsalu ija, ndinaiponya pansi pa bedi, mpando n'kuufunditsa bulangete langa. Bwanji sindinaganize za bulangete poyamba paja? Funso limenelo musandifunse, amake Dorika anandifunsa kale kokwanira.

Ndikubwerera ku ntchito, ndinamva belu la njinga kumbuyo. Anali Che Mbwana, tcheyamani wa nthambi yathu ya chipani, mwini chilimila, ukonde waukulu wophera nsomba, pa doko lathu. Anali munthu wa mawu ochepa. Anaponda phazi limodzi pansi osatsika.

"Che Barnaba."

"Wawa, a tcheyamani."

"Nkhani ya mpando wanu yatipeza."

"Mpando... mpando uti, bwana?"

"Mukuudziwa. Umene mumaufunditsa uja."

"Wa... wakuuzani ndani?"

"Aaa, Che Barnaba, anthu ali ndi maso. Pawindo paja amaona. Loweruka m'mawa tikubwera ndi a komiti. Musachoke."

Anapalasa njinga n'kumapita. Ine ndinatsala pamsewu kukamwa kuli yasa. Madzulo ake ndinapereka shuga kwa wophika amene anapempha sopo, ndipo bwana wanga anandifunsa ngati ndayamba kumwa masana.

Lachinayi ndinanama kuti ndadwala malungo. Ndinatseka zitseko, ndinayala nsalu patebulo, n'kukhala pansi kuganiza. Nzeru inabwera, ndipo inabwera ndi Chingerezi chake: repair! Ngati dzuwa lachotsa mtundu, ine ndiubwezeretse. Ku sukulu ndinkajambula mapu abwino kwambiri.

Ndinatenga polishi wakuda wa nsapato ndi kamtengo ka machesi. Ndinayamba ndi nkhope ya pakati. Tsitsi linayenda bwino, moti ndinadziyamikira. Kenako ndinadontheza kadontho pa diso lamanja. Nsalu inamwa polishi uja, kadontho kanakula. Diso linatuluka lalikulu ngati la chambo.

Ndinati palibe vuto, ndikuze linalo kuti afanane. Linalo linakula kuposa loyamba. Ndinabwerera ku loyamba. Pofika masana Mkulu ankandiyang'ana ngati wandipeza ndikuba.

Mwangozi chala changa chakuda chinakhudza pachibwano pake. Ndinathamangira palafini kuti ndifufute. Abale anga, ngati simunayesepo, musayese. Palafini safufuta polishi, amamuperekeza. Banga lija linayenda kuchokera kukhutu ili mpaka kukhutu linalo.

Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione bwino. Mkulu wa dziko anali ndi ndevu.

Ndinakhala pansi n'kulira, ndikunena zoona. Ndinalira ngati mwana. Dzulo lake ndinali ndi mlandu wa kusasamala, lero ndinali ndi mlandu umene ndinalibe ndi dzina lake lomwe.

Lachisanu lonse ndinalithera pofuna pobisa. Kuotcha? Utsi wa nsalu umanunkha mudzi wonse, ndipo aneba akanabwera kudzafunsa. Kutaya m'nyanja? Mwini chilimila ndi Che Mbwana yemweyo, akanaivuula pamodzi ndi utaka. Kuchimbudzi? Maganizo amenewo atangondifikira ndinapepesa mokweza ndili ndekha. Pansi pa matiresi ndi pamene ofufuza amayambira. Kudenga ndi pamene amamalizira.

Loweruka m'mawa ndinapeza malo amodzi okha amene anatsala. Ndinaikulunga nsalu ija m'mimba, ndinamanga ndi chingwe cha mtolo, pamwamba malaya oyera, pamwamba pake jekete ya ukwati, mabatani onse atatu. Unali mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale abuluzi amafuna mthunzi.

"Odi kuno!"

Ndinatsegula. Pakhomo panali Che Mbwana, pambali pawo Abiti Amidu, mtsogoleri wa amayi a chipani. Kumbuyo kwawo kunali amuna awiri a zifuwa zazikulu, opalasa bwato la a tcheyamani. Mmodzi ananyamula chingwe chokhuthala.

Nditaona chingwecho ndinadziwa kuti kwatha.

"Eee, mwatchena kale!" anatero Abiti Amidu. "Jekete ndithu!"

"Ndinati ndikonzekeretu, mayi."

"Mwachita bwino," anatero Che Mbwana. "Nthawi yatha. Bwana wochokera ku boma afika naini koloko."

"Mpaka bwana wa ku boma?"

"Nanga nkhani yaikulu chonchi?"

"Ndingatengeko bulangete?"

Anayang'anizana. "Bulangete la chiyani kutentha kuno?"

"Ndimamva kuti kumeneko usiku kumazizira."

"Usiku? Pofika madzulo zonse zikhala zitatha."

Zikhala zitatha! Che Mbwana anatembenukira kwa amuna aja.

"Mumange bwino, asakhuzuke panjira. Munyamula paphewa kapena tibwereke ngolo?"

"Ndiyenda ndekha, bwana!" ndinakuwa. "Sindithawa!"

Ndinagwada pansi, manja onse awiri ndinawatambasulira kwa wa chingwe uja. Mawu anangotuluka okha.

"A tcheyamani, ndikhululukireni. Sindinachite mwa chipongwe. Ndinachita chifukwa cha dzuwa. Dzuwa la pawindo ili ndi loipa, limasulutsa chilichonse, ndiye ine ndinangoti ndifunditse..."

"Tikudziwa!" anandidula Che Mbwana. "N'chifukwa chake tabwera kwa inu. Tayenda mudzi wonse. Wa a hedimasitala wasuluka. Wa kwa a shehe mphaka anaung'amba. Mpando wofiira bwino watsala ndi wanu wokha. Bwana akubwera kudzatsegulira mjigo, tikawakhazike pa benchi? Walahi, tingachite manyazi."

Ndinayang'ana mpando, ndinayang'ana chingwe.

"Mukufuna... kubwereka mpando?"

"Nanga Lachitatu lija ndinati chiyani?"

"Ndipo chingwechi?"

"Chomangira makhushoni. Che Barnaba, dzukani, mwagwadiranji?"

"Ulemu," anayankha Abiti Amidu m'malo mwanga. "Anthu a ku mishoni amaleredwa bwino."

Ndinadzuka ngati ndabadwa kachiwiri. Chimwemwe chake! Ndinagwira chanza aliyense, wa chingwe uja kawiri.

"Tengani! Tengani mpando! Mukufuna tebulo? Tengani ndi tebulo lomwe!"

Anachotsa bulangete, anamanga makhushoni, anautulutsa. Utangodutsa pakhomo, dzuwa linaumenya, kufiira kwake kunachita kuwala. Pamenepo ndi pamene mawu a amake Dorika anandibwerera m'khutu.

"A tcheyamani, mpandowu ukakhala pati?"

"Pabwalo, pafupi ndi mjigo."

"Pali mtengo?"

"Tinamanga chisakasa, koma kamvuluvulu wa dzulo wasasula. Musadandaule, bwana akhala ola limodzi lokha."

Kukana sindikanatha, munthu amene ndangopereka ndi tebulo lomwe. Kuvula nsalu ija kunalibe mpata, Abiti Amidu anali ataima pakhomo kundidikira. Ndinangotsomphola ambulera yakuda kuseri kwa chitseko n'kuthamangira mpando.

Anauika pakati pa bwalo, pamchenga, popanda ngakhale kamthunzi ka udzu. Ine ndinatambasula ambulera n'kuima pambali pake.

Naini koloko inakwana. Bwana kulibe.

Teni koloko. Amayi anayamba kuyeserera nyimbo, onse atavala nsalu ija. Kulikonse kumene ndinkayang'ana, nkhope ya Mkulu inali kundiyang'ana, ina ikugwedezeka m'chiuno, ina pamsana. Yandevu inali pamimba panga, ikutentha ngati mbaula.

Dzuwa likasuntha, ine ndinkasuntha. Ndinauzungulira mpando uja pang'onopang'ono, dzanja ili likatopa ndisinthe linalo. Mthunzi wonse unali wa mpando. Ine ndinali kunja, thukuta lili kamukamu, jekete itanyowa mpaka m'matumba.

Cha m'ma thwelofu polishi anayamba kusungunuka. Ndinamumva akutsetsereka kulowera m'buluku. Abiti Amidu anabwera ndi kapu ya madzi, n'kununkhiza m'mwamba.

"Koma a Barnaba, nsapato mwapolisha mwamphamvu!"

Tonse tinayang'ana pansi. Nsapato zanga zinali mbuu ndi fumbi.

"Ndi zam'kati, mayi," ndinatero. Mpaka lero sindidziwa chimene ndinkatanthauza.

"Vulani jekete, mukomoka."

"No, thank you!"

Bwana anafika fili koloko. Anali wamfupi, wonenepa, wa dazi lonyezimira. Anadziponya pampando wa amake Dorika, fumbi la m'galimoto ndi thukuta zonse pamenepo, ndipo mtima wanga unalira. Koma ndinaona ubwino umodzi: thupi lawo linaphimba pokhalira ndi potsamira ponse. Padzuwa panatsala manja a mpando okha. Ndiye ndinapendeketsa ambulera kuti iphimbe dzanja la kumadzulo.

Dazi la bwana linatsala pamtetete.

Che Mbwana anandikankha chigongono, ambulera inabwerera pamutu pa bwana. Atangoyang'ana kumbali, ndinaibwezera pa dzanja la mpando. Anandikankhanso. Tinalimbana choncho mwakachetechete mpaka nyimbo zitatu zinatha.

Ataimirira kuti alankhule, bwana anandiloza.

"Ndamva kuti bambo awa aima pano kuyambira m'mawa, osadya, osakhala pansi, kusamala pokhala mlendo. Ulemu wotere ndi umene tikufuna m'dziko muno! Dzina lanu ndani, bambo?"

"Barnaba, bwana."

"Muwaombere m'manja a Barnaba!"

Bwalo lonse linaomba m'manja, amayi nthungululu. Ine ndinaweramitsa mutu modzichepetsa, ndipo mpata umenewo, poti bwana anali ataimirira, ndinaphimba mpando wonse. Nditadzutsa maso, kumapeto kwa gulu la anthu ndinaona mayi wina ataima, chikwama pamutu, mwana kudzanja. Sankaomba m'manja. Sankayang'ana bwana, sankayang'ana mjigo, sankayang'ananso ine. Ankayang'ana mpando.

Amake Dorika anali atatsika matola.

Mjigo unatulutsa madzi, anthu anavina, bwana anapita. Amuna aja anabweza mpando kunyumba, ine ndikuthamanga pambali ndi ambulera. Amake Dorika ankabwera m'mbuyo. Ana anawatumiza kwa aneba, n'kutseka chitseko.

Anauzungulira mpando kawiri. Anasasa fumbi, anatembenuza khushoni, anayerekeza kumaso ndi kumbuyo. Anapanikiza chala pa dzanja la kumadzulo lija.

"Wofiira," anatero.

Ndinapuma koyamba kuchokera Lachitatu.

"Abiti Amidu andiuza kuti mwaima tsiku lonse ndi ambulera. Anthu akuti mumalemekeza bwana. Ine ndikudziwa amene mumamuopa." Anamwetulira pang'ono. "Mwachita bwino, bambo a Dorika. Tsopano vulani jeketeyo, mukununkha ngati nsapato."

"Ndikumva kuzizira."

"Vulani."

Ndinavula jekete. Malaya oyera aja anali bii kuyambira pachifuwa mpaka palamba. Ndinavula malaya. Anayang'ana chingwe cha mtolo, anayang'ana ine, n'kumasula okha mfundo. Nsalu inagwa pansi n'kutambasuka, nkhope ya pakati ili m'mwamba. Ndi thukuta la tsiku lonse, ndevu zija zinali zitakula mpaka pa tayi.

Amake Dorika anathamanga kukatseka windo. Anabwerera, anayang'ananso. Mapewa anayamba kugwedezeka. Anadziphimba pakamwa ndi mpango kuti aneba asamve, misozi ili chuchuchu, miyendo inawakanika, n'kugwera pampando wawo uja. Aka kanali koyamba kuukhalira chiugulireni.

Ndinafotokoza zonse: simbi, chigoli, bowo, bokosi, dzuwa, polishi. Pa palafini anandipempha kuti ndiime kaye apume.

"Ndiye mukuti dzuwa la pawindo ndi limene linasulutsa nkhopezi?"

"Mwezi wathunthu, amake Dorika. Ndine wolakwa."

"Nanga iyi inali kumbuyo kwa mpando, kumene dzuwa silifika, inasuluka bwanji?"

Ndinawerama n'kuiyang'anitsitsa nkhope ija.

"Bambo a Dorika, nsalu iyi ndi yakale. Ndavina nayo padzuwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndaichapa kunyanja kosawerengeka. Inasuluka Dorika asanayambe sukulu! N'chifukwa chake inali pansi pa bokosi. Yatsopano ndinapita nayo ku Namwera. Simunaone kuti theka la amayi pabwalo paja avala zosuluka kuposa iyi?"

"Ndiye kuti ine... sindinalakwe kanthu?"

"Kufikira Lachitatu munalibe mlandu. Ndevuzi ndiye ndi zanu."

Tonse tinayang'ana pansi. Nsalu ija inali ikadali vuto. Ine ndinali nditaganiza tsiku lathunthu osapeza pobisa. Amake Dorika anaganiza nthawi yomwera kapu ya madzi. Anatenga lezala, anasula msoko wa khushoni yotsamira, anapinda nsalu bwinobwino n'kuilowetsa mkati, n'kusokanso.

"Ya pokhalira ayi," anatero akudula ulusi ndi mano. "Tisawakhalire. Ulemu uzikhalapo."

Sabata yotsatira ndinagula nsalu yokhuthala, iwo anasoka makatani. Kunja kwa windo ndinabzala mtengo wa mango, umene lero ukutchinga dzuwa lonse la m'mawa. Mimba yanga inakhala yakuda masiku asanu ndi anayi, ndipo ndinkasamba m'nyumba ngati mlendo. Dzina lakuti Che Ambulera linandimatirira, moti pali ana a pa doko amene sadziwa kuti ndine Barnaba.

Koma chimene sitinachiganizire ndi ichi: mpando uja unatchuka. Kuyambira tsiku limenelo, msonkhano uliwonse wa chipani m'dera lathu, Che Mbwana ankatumiza amuna ndi chingwe. Amake Dorika ankalola, bola ine ndipite ndi ambulera. Zaka ndi zaka mabwana akuluakulu ankabwera, kudziponya pampandopo, kutsamira bwinobwino n'kumatiuza kuti Mkulu wa dziko ali pambuyo pawo nthawi zonse.

Ine ndinkangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Zoona, bwana. Ali pambuyo panu ndithu."

Mpandowo ulipo mpaka lero, ukadali wofiira, ndipo khushoniyo sitinaisulepo.

Phunziro langa ndi limodzi: akazi anu akakusiyirani bedishiti yakuda, isiyeni ikhale yakuda.